Buku Limene Linapita ndi Mandasi

Ndikukumbukira kuti mabuku anga oyamba onse ankanunkhira mafuta a mandasi. Mpaka lero ndikatsegula buku latsopano m'sitolo, mphuno imayamba yafunafuna fungo limenelo, ndipo ikalisowa mtima umakayikira ngati bukulo lili ndi nkhani yeniyeni.

Tinkakhala pa Njuli, kuseri kwa msika, ine ndi amayi anga awiriwiri. Bambo anapita ku Joni kukafuna ntchito chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere. Potsanzika ananena kuti abwera mvula isanagwe. Mvula inagwa, chimanga chinacha, tinakolola, inagwanso ina. Poyamba uthenga unkabwera ndi anthu obwerera kumudzi, kenako kunangoti zii. Amayi nkhaniyi sankaikamba. Ankangodzuka m'mamawa, kukanda fulawa, kukazinga mandasi, n'kusenza beseni kupita kumsewu wa Zomba pomwe maminibasi ankaima.

Ntchito yanga inali yong'amba mabuku. Anzanga amene amandidziwa lero, amene amaona mmene ndimakalipira munthu akapinda ngodya ya tsamba, sangakhulupirire, koma ndi mmene zinalili. Mandasi sapatsirana pamanja, amafuna pepala. Azimayi ena ankakulungira m'nyuzipepala, koma amayi ankati inki ya nyuzi imadetsa mandasi, munthu n'kupezeka wadya nkhope ya nduna osadziwa. Choncho kamodzi pamwezi ankakwera minibasi kupita ku Limbe, kumene kunali bambo wina wogulitsa mapepala akale pamulu, n'kubwerako ndi thumba la mabuku otha ntchito.

Amayi sankadziwa kuwerenga, koma posankha mabuku analibe mnzawo. Ankatsegula buku pakati, kutikita tsamba ndi zala ziwiri, nthawi zina kulinunkhiza. Mabuku a mapepala oyera osalala ankawabweza, ati samwa mafuta. Iwo ankafuna onenepa, a masamba achikasu okhakhala pang'ono. Ndiye zinangochitika kuti mabuku a mapepala oterowo ambiri anali a nthano zodabwitsa: za mayiko omwe kulibe, za mafumu otayika, za malupanga okhala ndi mayina ngati anthu. Ine ndi amayi tinkakonda mabuku amodzimodzi, aliyense pa chifukwa chake.

Chikuto cha buku n'cholimba, sichikulunga kanthu. Amayi ankachichotsa n'kuchiponya pambali kuti chikayatsire mbaula. Tsiku lina ndinatola chimodzi ndisanachiponye pamakala, ndipo ndinaiwala kuti ndatumidwa moto. Panali chombo chachikulu cha matanga ofiira, koma sichinali pamadzi. Chinkayenda m'mitambo, pansi pake pali mwezi. Ndinachiyang'ana mpaka amayi anandiitana katatu. Chikuto chimenecho sichinapse, ndipo kuyambira pamenepo palibe chinapsanso.

Zikutozo ndinkazikhomera pakhoma la kuchipinda ndi minga ya mthethe, chifukwa misomali inali ndi ntchito zina. Khoma lathu ladothi linasanduka dziko lina. Panali hatchi yoyera ya nyanga imodzi pamphumi, itaima m'nkhalango ya mitengo yabuluu. Panali nkhalamba ya ndevu zofika m'mawondo, itakweza ndodo yotuluka mphezi, imene ndinkaiopa kwambiri moti ndinaikhomera kuseri kwa chitseko. Panali mzinda womangidwa pamsana pa chilombo chogona. Panalinso mayi wina wankhondo, lupanga m'manja, koma amene anamujambula anamumana nsalu. Ameneyu ndinamuveka chitenje ndi makala, kuyambira m'khwapa mpaka m'mapazi, kuopa kuti amayi a kumpingo akabwera kudzacheza angatinene. Anaoneka bwino ndithu, ngati akupita kuchinkhoswe ndi lupanga.

Zilembo za pazikuto zina zinali zotumphuka, zagolide. Ndinkatseka maso n'kumaziyendetsa chala. Masana dzuwa likalowera pa kabowo ka denga, kuwala kunkayenda pang'onopang'ono pakhomapo, kuchoka pa hatchi kupita pa chombo, ndipo chikuto chilichonse chinali ndi nthawi yake yodzuka. Ndinkagona chagada pamphasa n'kumadikira kuti kuwalako kufike pa chimene ndinkachikonda.

Kusukulu kunali kwina. Kalasi yathu inali pansi pa mtengo wa mango, ana osawerengeka, buku limodzi kuligwira anthu ambiri moti wina ankaliwerenga mozondoka. Nkhani yake inali ya mwana wotumidwa kusitolo kukagula sopo. Ankagula sopoyo n'kubwerera kunyumba, basi. Ine ndinkadabwa kuti munthu angalembe buku lonse popanda ngakhale chitseko chimodzi chobisika.

Zikuto ndi zimene zinandikokera m'kati mwa mabuku. Ndinkafuna kudziwa kuti chombo chija chikupita kuti. Chingerezi changa cha Sitandade faifi chinali chobookabooka ngati lichero lakale, mawu ambiri ankangodutsa. Amene sindinkawadziwa ndinkawalumpha, ndipo pamene patsala mpata ndinkaikapo zanga, zotengera pachikuto. Mayina ovuta ndinkawasintha. Mfumu ina ya dzina lodzaza mzere wonse ndinkangoitchula kuti Che Ndevu, ndipo sinadandaule.

Tinapangana ndi amayi kuti buku lizing'ambidwa kuyambira kutsogolo, ndipo ine ndiziwerenga patsogolo pa dzanja lawo. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pambali pa beseni, buku pamwendo. Wogula akabwera, amayi ankangotambasula dzanja osandiyang'ana, ine n'kung'amba tsamba limene ndamaliza. Madzulo ndinkawerenga mofulumira kuti ndiwasiyire mulu wa mawa m'mawa. Liwiro la nkhani linkatengera malonda. Tsiku la msika ankhondo ankathamanga, mafumu ankafa ndisanawadziwe bwino, chifukwa dzanja la amayi linali pambuyo panga. Tsiku la mvula, anthu akabisala m'makonde a sitolo, nkhani inkayenda pang'onopang'ono, ndinkatha kubwereza tsamba lokoma kawiri. Ndikhulupirira kuti pa Njuli ponse ndinali mwana yekhayo wosangalala malonda a mayi ake akaima.

Sindinkatha kubwerera m'mbuyo. Ndikaiwala kuti wakuti ndi mwana wa yani, tsamba lonena zimenezo linali litakwera kale minibasi ya ku Zomba, litakulunga mandasi awiri. Nthawi zina ndinkaganiza za masamba angawo, mmene ankabalalikira m'dziko: lina ku Namadzi, lina ku Limbe, lina litagwera m'ngalande, munthu wina akuona mawu atatu pakati pa dontho la mafuta osadziwa kuti wagwira pakati pa nkhondo yaikulu.

Buku limene ndikufuna kukamba linabwera m'nyengo yozizira, ndili Sitandade sikisi. Linali pansi penipeni pa thumba, lonenepa kuposa onse. Nditaona chikuto chake ndinakhala pansi.

Panali phiri. Silinali phiri wamba, linali la Chiradzulu lenileni, mmene limaonekera ukaima kumsika kwathu n'kuyang'ana kum'mawa: msana womwewo, phewa lomwelo, chifunga chitalimanga m'chiuno. Pakati pa thanthwe panali kachitseko kakang'ono kotseguka pang'ono, m'kati mukutuluka kuwala kwachikasu. Kutsogolo kwake kunaima mtsikana atatifulatira, nyali m'manja, mapazi opanda nsapato. Ndipo pamwamba, pansonga ya phiri, chinjoka chamapiko chinali chitadzikulunga, diso limodzi lotseka, lina lotsegula pang'ono.

Amayi anasuzumira paphewa panga.

“Napolo uyu,” anatero. “Ndiye azungu nawonso amamudziwa?”

Kwathu aliyense ankadziwa za Napolo, chinjoka cha m'mapiri chimene amati chikamasamuka chimagumula nthaka ndi kukokolola midzi. Amayi atamutchula dzina, nkhaniyo inasiya kukhala ya kutali. Inakhala ya kuseri kwa nyumba.

Kuyambira tsiku limenelo phiri lathu linasintha. Popita kusukulu m'mawa, chiperoni chikuwaza tizimvula tosanyowetsa bwino, ndinkayenda khosi lili cham'mbali. Chifunga chikang'ambika pang'ono ndinkafufuza pathanthwe pomwe payenera kukhala chitseko. Tsiku lina ndinaona kanthu kakung'anima chapakati pa phiri. Mwina linali lata la nyumba ya munthu, mwina madzi otsetsereka pamwala. Ndinaima pakati pa njira mpaka belu linalira, ndipo zikwapu za ochedwa tsiku limenelo sizinandiwawe kwenikweni.

Nkhani yake inali yotere. Bambo a mtsikanayo anali wosula zitsulo. Anthu okhala m'kati mwa phiri anabwera kudzawatenga kuti akawasulire zida, ndipo bambowo potsanzika anati abwera nyengo isanasinthe. Sanabwere. Mtsikanayo atadikira mpaka kutopa, anatenga nyali n'kuyamba ulendo wokawafuna. Dzina lake linali lovuta, ndiye ndinamutcha Abiti Nyali. Kunena zoona, lero sindingalumbire kuti zonsezi zinalembedwa momwemo. Mwina zina ndinaikamo ndekha podzera m'mabowo a Chingerezi changa. Koma chitseko chinalipo, bambo analipo, ndipo sanabwere.

Mabuku ena onse ndinkawerenga ndekha chamumtima. Ili lokha amayi anayamba kulifunsa. M'mawa ndikamawathandiza kuumba mandasi, iwo ali pachiwaya, ankayamba ngati sakufuna.

“Mwana uja wafika pati?”

Ndinkawafotokozera: wawoloka mtsinje woyenda chokwera, wagona m'phanga la akadzidzi olankhula, wakumana ndi mlonda wamwala amene amafunsa funso limodzi pa chaka. Amayi ankamvetsera uku akutembenuza mandasi ndi kawaya, koma mafunso awo sanali a m'buku.

“Koma wadya mwanayu? Chiyambire ulendo sindinamve kuti wadya.”

“Sanalembe, amayi.”

“Olemba ake alibe ana. Nanga nkhuku kunyumba wasiyira ndani?”

Za bambo a mtsikanayo sankafunsa. Ndikafika pamene patchulidwa wosulayo, maso awo ankangokhala pamafuta, mandasi ena n'kupsa mbali imodzi, chinthu chimene sichinkawachitikira. Ine ndinali mwana, koma ndinkadziwa kuti tonse awiri tikudikira chinthu chimodzi, kuti tione ngati munthu wolowa m'phiri amatulukamo. Nkhani ya bambo anga sitinkatha kuikamba, koma ya wosula zitsulo tinkaikamba m'mawa uliwonse.

Ndinazindikiranso kuti dzanja la amayi layamba ulesi pa buku limeneli. Ankayamba ang'amba mabuku ena onse. Atatha amenewo, anayamba kudula tsamba limodzi pawiri, wogula ndasi imodzi kumupatsa kachidutswa kongokwana zala. Ena ankadandaula. Bambo Likaka, amene ankaphwanya miyala kukwale ndipo ankagula tsiku lililonse, ndiwo ankadandaula kwambiri, chifukwa iwo pepalalo ankalifuna kawiri: akadya mandasi ankang'amba mbali youma n'kupichirira fodya wa chingambwe.

“Amake Fele, mapepala adula kodi? Kapena mwayamba kuwadyera ndiwo?”

“Mudye mandasi, bambo, pepala si lanu,” amayi ankayankha choncho.

Buku linkaonda. Chikuto chakutsogolo ndi chakumbuyo zinayamba kuyandikana. Abiti Nyali anali atakwera phiri, atadutsa pansi pa mphuno ya Napolo, ndipo anali ataima pakhomo penipeni, monga pachikuto paja. Masamba otsala anali okhuthala ngati chala changa chaching'ono. Ndinawerengera kuti pofika Lamlungu tidziwa.

Ndiye malungo anandigwira.

Anandigwira kusukulu, pansi pa mango paja, dzuwa likuswa mtengo koma ine ndikunjenjemera. Amayi anandibereka kupita kuchipatala, ngakhale miyendo yanga inali itayamba kale kukwekwereza pansi, tinalandira mankhwala owawa, n'kubwerera kunyumba. Za masiku otsatirawo ndimakumbukira zochepa, ndipo zimene ndimakumbukirazo sizinachitike. Khoma linkapuma. Hatchi ija inatsika pa minga yake n'kumanunkhiza mtsuko wa madzi. Chombo chinkayenda chozungulira denga, matanga ake akukhudza udzu. Mayi wachitenje cha makala anakhala kumiyendo kwanga, lupanga pamwendo, akundiingitsira ntchentche. Sindinkaopa. Ndinkangomva ludzu, ndiponso ndinkamva ngati pali chitseko penapake chimene chikutsekeka pang'onopang'ono ine ndili kutali.

Amayi sakanasiya malonda, chifukwa chakudya chathu chinkachokera m'beseni lomwelo. Ankandisiyira phala ndi madzi pafupi, kupempha a nyumba yoyandikana kuti azindisuzumira, n'kupita. Buku linapita nawo, popeza pepala lina m'nyumba munalibe.

Tsiku limene mutu unayamba kupepuka ndinatuluka n'kukakhala pakhonde, nditafunda chitenje. Anali masana, dzuwa lofunda bwino la mwezi wa Julaye. Phiri linali mbee, lopanda chifunga ngakhale pang'ono. Ndinaona amayi akubwera nthawi isanakwane, beseni lili m'khwapa, lopanda kanthu. Anakhala pansi pambali panga, kundigwira pamphumi, kenako anayamba kufotokoza asanafunsidwe. Basi yaikulu inafera pamsewu pomwepo, anthu odzaza, ndipo anakhala pamenepo kuyambira m'mawa. Mandasi anatha, anabwerera kudzakazinga ena ine ndili m'tulo, amenewonso anatha. Aliyense ankafuna pepala.

“Ndinayesetsa, Fele,” anatero. “Ena ndawapatsira m'masamba a nthochi mpaka anditukwana. Koma usadandaule. Kumapeto ndakusungira.”

Anamasula mfundo ya chitenje chawo chakumtunda n'kutulutsa chikuto chija. M'kati mwake munali masamba ochepa omalizira, akadali omatirira kuchikuto chakumbuyo, oyera, opanda dontho la mafuta. Anali atawamanga ndi kaluzi kuti asauluke. Anandiikira m'manja ndi manja awiri, monga amaperekera chinthu kwa mlendo.

“Apakatiwo apita, koma nkhani ndi kumapeto. Tawerenga timve.”

Ndinamasula kaluziko. Ndinayang'ana tsamba loyamba, ndipo sindinapeze dzina la Abiti Nyali. Ndinatsegula lachiwiri. Munali nyanja, munali mnyamata wina wopalasa bwato, munali mayina amene sindinawaonepo. Ndinabwerera pamwamba pa tsamba loyamba, pomwe panali mawu akuluakulu, n'kuwawerenga pang'onopang'ono. Ankati owerenga alaweko chiyambi cha buku lina limene likubwera. Osindikiza mabuku oterewa ali ndi chizolowezi chimenecho, nkhani ikatha amaika kumbuyo mutu woyamba wa nkhani ina kuti ukagulenso. Ine ndinali ndisanazionepo, ndipo amayi akanadziwa bwanji? Iwo anasunga masamba omalizira, monga munthu aliyense wanzeru akanachitira. Mapeto enieni anali atakwera basi.

Ndinafuna kulira. Koma nditakweza maso ndinaona amayi atakhala mwendo uli tambalale, manja ali pamiyendo, zala zonyezimira mafuta, nkhope ikudikira. Anthu anali atawatukwana chifukwa cha masamba amenewa. Ndinatsitsanso maso, ndipo anagwera pachikuto, pa kachitseko kowala kaja.

“Walowa,” ndinatero. “M'kati muli njira yotsika, makoma ake akuwala okha. Akumva kulira kwa nyundo kutali.”

“Eya.”

Ndinapitiriza. Mawu ankangobwera, kaya kuchokera kumalungo kaya kuti. Ndinanena za ng'anjo zazikulu, za anthu a m'phiri amene sadziwa kuti kunja kumacha ndi kuda, moti munthu akakhala nawo amaganiza kuti wangokhala tsiku limodzi. Ndinati mtsikanayo anapeza bambo ake atawerama pa chitsulo, ndipo bambowo sanamuzindikire chifukwa anamusiya ali wamng'ono. Ndiye anakweza nyali kufupi ndi nkhope yake, bambowo n'kugwetsa nyundo. Ndinkatembenuza masamba apo ndi apo kuti zioneke bwino.

“Watuluka nawo?” amayi anafunsa motsitsa mawu.

“Watuluka nawo.”

“Ali bwanji?”

“Aonda. Ndevu zamera. Nsapato zatha.”

“Abweretsa chiyani?”

Ndinayang'ana pachikuto, koma panalibe chondithandiza.

“Palibe. Angobwera.”

Amayi anayang'ana kuphiri.

“Nanga mayi wa kunyumbayo wawalandira?”

M'buku monse mayi ameneyo anangotchulidwa kamodzi kapena kawiri, ndipo ndinali nditamuiwala. Koma ndinayankha msanga.

“Wawatenthetsera madzi osamba.”

“Ndi wopusa mayi ameneyo,” amayi anatero, n'kuseka. Anaseka mpaka mapewa kugwedezeka, kenako anakoka nsonga ya chitenje n'kupukuta m'maso. Anati ndi utsi. Mbaula inali itazima kalekale.

Nditachira ndinayesa kulondola masamba anga. Ndinayenda m'mbali mwa msewu pomwe basi inafera, ndikutola mapepala m'ngalande. Ndinapeza atatu, onyowa, odyedwa ndi chiswe, osagwirizana. Pa limodzi panali mawu oti chitseko, basi. Ndinafunsa Bambo Likaka ngati anatsala ndi ena, popeza iwo ankatola ngakhale otayidwa ndi anzawo. Anandiyang'ana mwachisoni chenicheni, n'kuloza kumwamba.

“Ndinasuta, mwanawe. Koma inali nkhani yabwino, sinkatsokomoletsa.”

Kwa masiku angapo ndinkati ndikaona utsi ukukwera kuchokera kukwale, ndinkaganiza kuti mapeto a Abiti Nyali ali m'mitambo, akupita kuphiri kumene anachokera. Zinanditonthoza ndithu.

Bambo anga sanabwere. Patapita zaka tinamva kuti anamwalira komweko, ndipo amene anatiuzayo sankadziwa ngakhale pamene anaikidwa. Amayi anamvetsera, anathokoza mlendoyo, m'mawa mwake anakanda fulawa.

Lero zinthu zinasintha. Mandasi a pa Njuli amakhala m'mabigili apulasitiki otsekera, amatoledwa ndi foloko n'kuikidwa m'kajumbo. N'zaukhondo, sindikutsutsa, koma palibe mwana amene adzaphunzire kuwerenga pa jumbo. Pomwe panali beseni la amayi pamaima anyamata a kabaza, aliyense maso pafoni. Ine ndimaphunzitsa ku Limbe, ndipo mabuku ndimagula athunthu, okhala ndi chiyambi, pakati ndi mapeto. Komabe zizolowezi za pambali pa beseni sizinandichoke. Ndimasankhabe buku poyang'ana chikuto, ndipo pakapanda phiri, chitseko kapena chinthu chouluka chimene sichiyenera kuuluka, ndimalibwezera pashelefu. Ndimatikitabe tsamba ndi zala ziwiri, ogulitsa n'kumandidabwa. Ndimawerenga mothamanga ngati pali dzanja likubwera pambuyo. Ndipo ndisanalipire ndimatsegula kumbuyo kuti ndione pamene nkhani yathera penipeni.

Zikuto zambiri zija zinadyedwa ndi chiswe chaka chimene denga linadontha. Cha phiri chokha ndi chimene chilipo, chofwifwa, golide wake atasupuka. Mwana wanga wamkazi atachiona anajambula dzina lake pafoni, ndipo mphindi yomweyo anandiuza kuti bukulo lapezeka, ndikhoza kuliwerenga lonse pomwepo. Anandionetsa chikuto chake chatsopano: chakuda bii, pakati pali kachizindikiro kamodzi, popanda phiri, popanda mtsikana, popanda Napolo. Ndinamubwezera foni yake. Anadabwa kuti munthu wodikira mapeto zaka zonsezi akuwakana atabwera okha.

Mwezi watha ndinapita kukawaona amayi. Anakalamba, maso achita chifunga, chiwaya anapatsa mdzukulu wa mchemwali wawo. Tinakhala pakhonde lomwe lija, phiri lili patsogolo pathu. Ndinawauza za foni ija, mongoseka, kuti buku lathu lapezeka. Kenako ndinaona kuti nthawi yakwana yoti adziwe, ndipo ndinayamba kufotokoza za masamba omalizira aja, kuti anali a nkhani ina.

Sanandilole kumaliza.

“Ndinkadziwa,” anatero.

“Munkadziwa bwanji, amayi?”

“Iwe ndakuonera ukuwerenga pambali panga zaka zingati? Ukamawerenga maso ako amayenda, uku ndi uku, ngati nkhuku ikutola mapira. Tsiku lija sanayende. Anangoima pachithunzi.”

Ndinafunsa kuti nanga bwanji sanandidzudzule, bwanji anandisiya ndikunama mpaka kumapeto.

Amayi anakonza chitenje pamapewa, nkhope ili kuphiri limene tsopano saliona bwino.

“Ndikananena chiyani? Munthu anali atatuluka kale, ali panjira, akubwera kunyumba. Ndimubwezerenso m'phiri?”